Ng'oma pa Phwando la Fodya ku Mavwere

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa ukwati wina kwathu ku Guilleme. Ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4, ndipo m'kwaya ya tchalitchi ndinkaimba ng'oma ziwiri zachikopa. Bandi imene inabwera kumadyerero inalibe woimba ng'oma, chifukwa anali atawolokera ku Chipata osatsanzika. Mwini bandiyo, a Mwale, bambo a imvi oimba sakisofoni, anandimva m'tchalitchi m'mawa, ndiye anatuma munthu kudzandiitana. Ndinapita manja ali kumbuyo ngati ndaitanidwa ndi ahedi.

"Ng'oma za bandi unazigwirapo?" anandifunsa.

"Ayi, bambo."

"Dzanja uli nalo. Mapazi tidzakuphunzitsa."

Anandiphunzitsadi, kunyumba kwawo pa boma. Ng'oma za bandi zimafuna thupi lonse. Phazi lamanja limaponda pedulo ya ng'oma yaikulu, lamanzere limatseka ndi kutsegula hayihati, mbale ziwiri zamkuwa zophimbana. Dzanja lamanzere limakhala pa sineya, ng'oma yaing'ono ya mawaya kunsi, lamanja pa mbale yaikulu yamkuwa. Ng'oma yakumudzi timaiwamba pamoto kuti ilire bwino, koma izi timazikunga ndi kiyi. Ukamanga bawuti imodzi umapita pa yoyang'anana nayo, uku ukugogoda m'mphepete kuti mawu afanane. M'ng'oma yaikulu timaikamo bulangete lopinda kuti isamachite phokoso ngati mgolo.

Nyimbo zathu a Mwale ankazitcha jazi wosakaniza. Dzanja lamanja linkayenda ndi jazi, pamene lamanzere ndi phazi zinkaimba chimtali kapena mganda pansi pake. Poyamba mutu unkandizungulira. Iwo ankangoti, "Usamadzimvere wekha. Woimba ng'oma amamva zonse." Lamulungu lililonse masana tinkaimba pa loji ina pafupi ndi chipata cha malire, pomwe oyendetsa mathiraki amadikirira mapepala a katundu. Ine ndinali wa inde bambo. Masipika ndinkanyamula, galimoto ndinkatsuka, ndipo akandiyamikira ndinkasowa poyang'ana.

Tsiku lovuta linabwera msika wa fodya utatsekedwa. Mwini esiteti ina cha ku Mavwere anatiitana kuphwando la anzake ochokera pa boma ndi ku Chipata. Titayandikira tinaona nthambi zaziwisi zitayalidwa mumsewu. Aliyense m'galimotomo anadziwa kuti pali maliro, ndipo oyendetsa anazimitsa wailesi. Ndinkaganiza kuti tipitirira, koma tinakhotera pomwepo, pageti la esiteti ija.

Tikutsitsa katundu, kapitawo wa pa esitetiyo anatinong'oneza kuti mkazi wa tenanti wina wamwalira. Nyumba za matenanti zinali kuseri kwa zigafa za fodya, pafupi moti tinkamva kulira kwa amayi. A Mwale anapita kukafunsa mwini esiteti ngati tiimbebe, ine ndili pambali ndi sineya m'manja.

"Amenewo si anthu akuno," anatero bamboyo. "Kwawo ndi ku Phalombe. Alendo anga abwerere chifukwa cha zimenezo?"

Kwathu pakagwa maliro, wa njinga amatsika, wa chipewa amavula, ndipo ng'oma yachisangalalo siilira. Palibe amene amafunsa kuti womwalirayo anabadwira kuti. A Mwale ankadziwa zimenezi kuposa ine. Anabwerera n'kundiuza kuti, "Tenga maburashi, tiimba motsitsa." Maburashi ndi timawaya tambiri tomangidwa pachigwiriro, ndipo timangokhula pachikopa cha sineya. Ndinamvera, ndikudziuza kuti akulu apeza njira.

Tinaimba nyimbo zofatsa zingapo. Pakati pa nyimbo ndinkamva amayi akuimba nyimbo ya maliro imene ndinkaidziwa kuchokera kukwaya. Mawu awo anali ochepa, chifukwa abale awo anali kutali. Ndikayambanso, khutu linkatsata iwowo, ndipo kawiri konse wa gitala ya besi anandiyang'ana kuti ndikutsalira.

Kenako mwini esiteti anabwera kutsogolo, botolo lili m'manja. "Mnyamatayu akusesa kapena akuimba?" anafunsa. Alendo anaseka. "Ndaitana bandi, a Mwale, osati osesa pabwalo."

A Mwale anandilozera timitengo toimbira ng'oma ndi chibwano, n'kuyambitsa nyimbo yathu ya chimtali, yaphokoso kuposa zonse. Anthu anadzuka kukavina. Tili mkati mwa nyimboyo ndinaona bambo wina atanjuta pafupi ndi mpanda, opanda nsapato, chipewa chili pabondo. Kapitawo anapita kwa abwana ake, ndipo popeza anali pafupi ndi ine ndinamva zonse. Bamboyo anali mwamuna wa malemuyo. Anabwera kudzapempha matabwa a bokosi.

"Adikire nyimbo ithe," anatero mwini esiteti, n'kupitiriza kuvina.

Nyimbo za jazi sizitha zokha. Zimatha mtsogoleri akafuna. Ndinayang'ana a Mwale kuti atseke, pakuti nawonso anamva. M'malo mwake anachotsa sakisofoni pakamwa n'kunditambasulira dzanja, chizindikiro chakuti tsopano ndi nthawi yanga yoimba ndekha. Nthawi imeneyo ndi imene woimba ng'oma aliyense amaiyembekezera, ndipo ine ndinali ndisanapatsidwepo pagulu lalikulu chonchi. Anandipatsa tsiku limenelo, kuti munthu woferedwa apitirize kunjuta pafumbi ine ndikuonetsa luso.

Ndinaika timitengo pa sineya. Wa besi anayenda yekha pang'ono, nayenso n'kusiya. Panamveka jenereta yokha ndi amayi aja kuseri kwa zigafa.

"Nyimbo yatha, bwana," ndinatero. Maso anga anali pansi.

A Mwale anandiyandikira. "Ukadzuka pampandopo, usadzakhaleponso."

Ndinadzuka. Mwini esiteti anaitana mphwake, amene ankati anaimbapo ng'oma kusukulu. Mnyamatayo anakhala pampando wanga n'kuyamba kumenya ngati akupuntha chimanga, ndipo a Mwale anabwezera sakisofoni pakamwa n'kumutsatira. Bambo woferedwa uja mwini esiteti sanamulankhule n'komwe. Kapitawo ndiye anamutenga mwakachetechete n'kukamupatsa matabwa akale a m'chigafa. Ine ndinawatsatira n'kunyamula mbali imodzi ya matabwawo.

Madzulo onsewo ndinagwirira mmisiri matabwa, iye akukhoma bokosi, kwinaku ndikumva ng'oma zimene ndinakunga ndekha zikumenyedwa mosokoneza. Sineya itang'ambika ndinaidziwa ndi mawu ake. Mwamuna wa malemuyo anangondifunsa kuti, "Achimwene, kwanu ndi kuti?" Nditamuuza anagwedeza mutu. Ndinagona pamaliropo, ndipo titaika m'mawa mwake ndinakwera kabaza kubwerera ku Guilleme.

Patapita masiku ndinapita kwa a Mwale kukabweza kiyi yawo yokungira ng'oma, ndikuganiza kuti mwina mtima watsika. Sanandipatse ngakhale mpando. "Woimba salowerera za eni malo," anatero. "Wandichititsa manyazi pamaso pa anthu."

Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo mtima umandiwira. Mwini esiteti uja sindimuwerengera kwambiri. Anthu oona tenanti ngati khasu alipo ambiri kuno, ndipo sindinayembekezere china kwa iye. Koma a Mwale anakulira m'mudzi ngati ine. Anaika abale awo m'manda, ndipo akudziwa mmene phokoso la chisangalalo limapwetekera munthu amene akulira. Ankatha kutseka nyimboyo ndi dzanja limodzi lomwelo, alendo osadziwa n'komwe. Iwo anasankha kuitalikitsa, ndipo anafuna kuti manja otalikitsawo akhale anga.

Ndinakhala kumudzi ndikulima mtedza, ndikuyeserera pa ndowa ndi pabondo kuti manja asaume. Pambuyo pake wa besi uja anandilankhulira kubandi ina ku Lilongwe, ndipo ndikuimbabe jazi wosakaniza. Zambiri zimene ndimachita pampando ndinaziphunzira kwa a Mwale, ndipo sindikana. Koma sindinapiteko kukawaona.

Achinyamata ofuna ntchitoyi amandifunsa za liwiro la manja ndi mitengo ya ng'oma. Ndimawauza kuti bandi ikhoza kupitiriza popanda gitala kapena kiyibodi, koma ng'oma ikaima anthu amakhala pansi. Choncho woimba ng'oma sangabisale kumbuyo kwa mtsogoleri n'kumati ndinangomvera. Ine ndikadali wamanyazi, ndipo kukangana ndi akulu sindikutha. N'chifukwa chake ndimafunsiratu tikangofika, tisanalumikize waya ngakhale umodzi: "Kuno kulibe zovuta?" Bandi ina inandisiya chifukwa cha funso limeneli, akuti ndimabweretsa minyama. Ndimafunsabe. Akandiyankha kuti zovuta zilipo koma si anthu akuno, ng'oma zanga sizituluka m'zikwama.