Amake Batani ndi Chipinda Chimene Tinakhoma

Abusa atandipempha kuti ndilembe za moyo wa Amake Batani m'kalata ya mpingo ya mwezi uno, anawonjezera kuti, "Mulembe mofatsa, mayi, anthu akadali pachisoni." Ndayesa. Mapepala awiri ofatsa ndawang'amba chifukwa anali abodza, ndipo munthu amene sananamizepo wina ngakhale pa muyeso wa nsalu sitingamuperekeze ndi bodza. Malemba amatiuza kuti Ambuye mwini anapsa mtima tsiku limene ophunzira ake ankapirikitsa ana. Ngati mkwiyo umenewo unali woyera, mundikhululukire wangawu.

Anabadwa achisanu m'banja la ana asanu ndi awiri, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika. Bambo awo ankasoka nsapato, mayi awo ankachapa zovala za eni ake. Sukulu anailekera panjira mayi awo atadwala, ndipo azakhali awo anawatenga kukawaphunzitsa kusoka. Azakhaliwo sankaseka ndi ntchito: msoko ukakhota pang'ono ankausomola wonse n'kunena kuti, "Singano sathamangitsa." Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri analowa kwaya. Amene tinaimba nawo tikukumbukira mawu awo, otsika ndi odzaza, amene ankatigwirira nyimbo ife tikasochera. Sankadziwa kuchita kanthu ali chete. Ankaimba posesa, popalasa makina, ngakhale ali ndi mapini pakamwa.

Anakwatiwa ndi dalaivala wa lole, nakhazika makina awo osokera pakhonde la sitolo ina. Zaka khumi ndi zitatu zinadutsa opanda mwana. Anapirira miseche, napemphera, ndipo atayandikira zaka makumi anayi Mulungu anawapatsa mwana wamwamuna. Tonse tinaimba. Koma mwana uja anafika zaka zitatu osatchula liwu ngakhale limodzi. Ukamuitana sankacheuka. Tsiku lonse ankakhala pansi pa makina, kundandalika mabatani mumzere wowongoka, ndipo wina akasuntha limodzi ankalira ngati wapsa. Apa ndi pamene panachokera dzina loti Batani. Belu likalira kapena anthu akayamba kuomba m'manja, ankatseka makutu n'kukuwa.

Tsopano ndinene zimene ife tinachita. Ena anati mayiyo anagulitsa lilime la mwana kuti makina aziyenda bwino, ngati kuti munthu wolemera ndi zamatsenga angakhale ndi nsapato imodzi yokha ya ku tchalitchi. Ena anati pali tchimo lobisika, kuiwala kuti funso lomwelo linafunsidwapo za munthu wobadwa wosaona, ndipo Ambuye analikana. Gulu lathu la mapemphero linamuzungulira mwanayo, anthu khumi ndi mphambu, manja pamutu pake, kukuwa kuti alankhule. Mwana amene amaopa phokoso tinamuthira phokoso m'dzina la Mulungu. Analuma dzanja la mkulu wa mpingo, ndipo tinati taona chiwanda. Lamlungu lotsatira, mnyamata amene ankakhazika anthu m'tchalitchi anawanong'oneza kuti, "Mayi, mwana wanuyu akusokoneza Mawu. Muzikhala naye pakhonde." Mnyamata ameneyo lero ndi bambo wa imvi, ndiye woliza belu ndi wosunga makiyi athu.

Amuna awo anati kumtundu kwawo kulibe zoterezi, ndipo ulendo wina wa lole sanabwerere. Amake Batani anakhala pakhonde zaka zisanu ndi chimodzi, dzuwa ndi mvula, kumvera ulaliki pawindo. Sanaphonye Lamlungu. Ife tinkawadutsa potuluka n'kumati, "Limbani mtima, mayi."

Batani ali ndi zaka zinayi, kuchipatala kunabwera mayi wina wophunzitsa za kalankhulidwe ka ana. Anaitana makolo a ana otere kuti azikumana pamodzi Lachitatu lililonse kwa masabata asanu ndi atatu. Kumeneko ndi kumene Amake Batani anamva koyamba mawu oti otizimu: kuti ana ena amabadwa ndi ubongo umene umamva dziko mosiyana, kuti si temberero, ndipo si mlandu wa mayi. Ankati tsiku limenelo analira njira yonse, osati ndi chisoni, koma ngati munthu amene watulidwa mtolo wa mwini wake.

Mphunzitsiyo sankagwira ana, ankaphunzitsa makolo. Tsiku loyamba anawauza Amake Batani kuti asewere ndi mwana wawo monga amachitira kunyumba. Iwo anayamba: "Ichi n'chiyani? Nena batani. Nena. Nanga ichi? Tandiyang'ana." Patapita kanthawi mphunzitsi anawagwira paphewa.

"Mayi, mwamufunsa mafunso khumi ndi anayi. Mwamupatsa mpata woyankha kangati?"

"Ndimaopa," anayankha motero. "Ndikakhala chete ndimaona ngati ndamutaya."

"Khalani pansi, nkhope yanu ilingane ndi yake. Mabataniwo musamulande, ndiwo khomo lake. Aikeni m'botolo, mutseke zolimba, mumupatse. Akakuyang'anani, nenani liwu limodzi lokha. Kenako werengani mumtima mpaka khumi, osatsegula pakamwa."

Kalipentala wina amene ankabwera ndi mwana wake wamkazi anaseka. "Mpaka khumi? Aphunzitsi, akazi anga chikwatiranireni sanafikepo pa ziwiri."

"Inu ndiye mumawerenga mpaka mawa," anatero akazi ake, "ngakhale munthu akufunseni kuti mwaswera bwanji."

Anaseka onse, anthu amene anali ataiwala kuseka. Koma kwa mayi woimba ngati Amake Batani, kuwerenga kumeneko kunali mtanda. Ankati pofika pa zisanu lilime linkayabwa, ndipo ankakumbukira azakhali awo ndi singano. Miyezi isanu inatha. Tsiku lina masana, pansi pa makina, Batani anawapatsira botolo m'manja, nawayang'ana kumaso. Iwo anawerenga. Atafika pa zisanu ndi zinayi, mwana anati, "Tse." Patapita masabata awiri anati, "Tsegula." Ankakonda kutikumbutsa kuti Ambuye pochiritsa wosamva uja anayamba wamuchotsa pagulu la anthu, napita naye pambali pa zii.

Mphunzitsi uja atasamutsidwa, anawasiyira makadi a zithunzi ndi mawu oti gulu lisafe. Iwo anapempha kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi kamene tinkaponyamo mabenchi othyoka. Anakasesa okha, anayala mphasa, nasoka makatani a tizidutswa ta nsalu kuti kuwala kusalase ana m'maso. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, Lachitatu lililonse, makolo ankabwera: ogulitsa pamsika, namwino, wapolisi, agogo olera adzukulu, ena osakhala a mpingo wathu n'komwe. Sanalonjeze aliyense chozizwitsa. Ana ena analankhula ziganizo, ena mawu ochepa, ena ankangoloza chithunzi cha kapu akafuna madzi. "Kumenekonso n'kulankhula," ankatero. "Wakuuza. Tsopano kumva kuli kwa iwe."

Lamulo lawo limodzi ndi limene linatilasa. Kwathu kuno msonkhano uliwonse, ngakhale wokambirana za tsache, timautsegula ndi korasi ndi m'manja. M'chipinda chija munalibe korasi. Mayi amene ankaimba ali ndi mapini pakamwa anasiya nyimbo pakhomo chifukwa cha makutu a ana a eni ake, ndipo pemphero linkanenedwa monong'ona. Amayi ena a chigwirizano atawafunsa ngati limenelo ndi gulu lachikhristu, anati, "Mulungu si wogontha, anzanga. Ndipo ife watidikira zaka zingati tisananene chanzeru ngakhale chimodzi?"

Batani anakula. Lero ali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi, mawu ake ndi owerengeka, koma palibe telala m'dera lino amene amasokerera batani mowongoka ngati iye. M'tchalitchi analowa osati chifukwa tinamuitana. Lamlungu lina mayi ake anangomuika thonje m'makutu, namugwira dzanja, nakhala naye pabenchi yakumapeto. Palibe anawaletsa, ndipo palibe anapepesa.

Chaka chatha tinagula mipando yapulasitiki ya pamaukwati ndi misonkhano, ndipo panafunika poisunga. Komiti inatuma akulu awiri kuti akaone ngati chipinda chija chikugwira ntchito. Anaima pawindo kanthawi, naona anthu akuluakulu asanu ndi awiri atakhala pansi duu, wina atagwira botolo, wina kapu. Lipoti lawo linali lalifupi: "Mulibe chochitika. Saimba, salalikira, amangoyang'anizana." Ife amene timayeza ntchito ya Mulungu ndi kukula kwa phokoso tinagwedeza mitu. Ine ndinalipo pamsonkhano umenewo. Ndinkadziwa zimene zimachitika m'chipindamo, ndipo sindinanene kanthu. Chete wa Amake Batani anali wodikira mwana. Wanga anali wamantha.

Amake Batani anabwera ndi ndodo yawo, miyendo itatupa, kudzaonana ndi apampando a komiti.

"Abambo, akulu aja anaima pawindo nthawi yaitali bwanji?"

"Yokwanira, mayi."

"Akanadikira pang'ono. Atangochoka, mwana wa namwino analoza kapu. Koyamba chibadwire."

"Tikuthokoza Mulungu pa zimenezo. Koma mipando imafuna malo ouma."

Amake Batani anawayang'ana nthawi yaitali. Ndikukhulupirira kuti ankawerenga. Kenako anati, "Pakhonde paja, mbali ya kumanzere sikufika mvula. Ndinakhalapo zaka zisanu ndi chimodzi, ndikudziwa." Apampando anayang'ana wotchi, ndipo chitseko chinakhomedwa sabata yomweyo.

Gulu linasamukira kunyumba kwawo, chipinda chimodzi m'mphepete mwa msewu, njinga zamoto zikulira pakhomo. Ana sanapirire. Mabanja asanu ndi awiri anatsala atatu. Mwana wa namwino anasiya kuloza kapu. Izi ndiye zinawadya mayiwa kuposa matenda a mtima amene anawagoneka. Komabe sanatukwane munthu, ndipo Lamlungu ankatuma Batani kuti akakhale pabenchi yawo.

Anatisiya Lachitatu masana, makolo ali pomwepo. Kalipentala uja, amene tsopano ndi nkhalamba, ananena kuti iye ali ndi chitsulo chozulira misomali, ndipo loko wa tchalitchi si kanthu. Iwo anapukusa mutu. "Musathyole. Pemphani kamodzi, kenako dikirani." Batani anakhala pansi pafupi ndi bedi, nkhope yake italingana ndi yawo, osanena kanthu. Iwo anamwetulira. "Mwamuona? Akundiwerengera." Anapempha kuti tiimbe motsitsa, ndipo anayesa kutigwirira nyimbo monga kale. Itatha, Batani anati, "Amama, gonani." Iwo anatseka maso, napita mwamtendere ngati munthu amene wamaliza msoko wake.

Pamaliro tinaimba mpaka mawu kusasa, tinawatcha mzati wa mpingo, ndipo apampando analankhula bwino kwambiri. Chitseko chinali chikhomere.

Lachitatu lotsatira, Batani, amene sasintha zimene anazolowera, anatenga botolo la mabatani napita kuchipinda chija. Makolo anamutsatira, inenso ndinapita. Tinapeza wosunga makiyi akusesa. Batani anaima patsogolo pake nati, "Tsegulani." Basi.

Bamboyo anayamba kufotokoza. Anati iye ndi wongosunga chabe. Anati nkhaniyi ndi ya komiti. Anati abusa achoka. Anati tibwere mawa. Palibe anamuyankha, palibe anamutsutsa. Anthu asanu ndi anayi tinangoima, kumuyang'ana kumaso. Kalipentala akuti anawerenga mpaka khumi katatu. Mawu a bambo uja anayamba kuchepa, kenako anatha. Anayang'ana Batani, nayang'ana khonde limene iye mwini anawalozera Amake Batani zaka zambiri zapitazo. Anatulutsa kiyi, natsegula chitseko. Ndipo mpando woyamba anaunyamula yekha.

Mipando yonse ili pakhonde, mbali ya kumanzere. Mvula yagwa kawiri ndipo palibe mpando umene wadandaula. Makatani a tizidutswa tawapachikanso. Namwino wabwerera ndi mwana wake. Sanalozebe kapu, ndipo zimenezo zili pamutu pathu.

Ndamva kuti Lamlungu likudzali komiti ikhala pansi kukambirana za "kusamvera" kumeneku. Ndidzakhalapo, ndipo ulendo uno sindidzakhala chete. Koma ndikupempha chinthu chimodzi kwa aliyense amene adzaimirire kuti mipando ibwerere m'chipindamo: asanatsegule pakamwa, awerenge mumtima mpaka khumi. Telala wosauka anachita zimenezo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo anamva zimene ife ndi makorasi athu onse sitinamve.

Ambuye amene simunatope kutidikira, mulandireni mdzakazi wanu. Musamukhazike pakhonde. Mulowetseni m'kati, ndipo kumeneko aimbe mokweza monga mmene ankafunira.