Ba Kapembwa Afunira Mwana Wawo Ntchito Yeniyeni

Ba Kapembwa a ku Ndola anasunga mafayilo a boma zaka makumi atatu ndi zinayi, pa tebulo limodzi, pansi pa wotchi yakufa. Atapuma, boma linawathokoza ndi satifiketi yolembedwa dzina la munthu wina. Anaipachikabe pabalaza, poti chidindo chinali chenicheni.

Chowasowetsa mtendere chinali mwana wawo Chomba. Mtsikanayo, digiri ali nayo, ankangokhala kuchipinda atamanga chitenje, akugogoda kompyuta. Akuti ankajambulira makampani anayi akunja zotsatsa malonda.

"Abwana ako ndani, iwe?"

"Ndilibe, ba tata. Ndili ndi makasitomala."

"Makasitomala! Ngati wogulitsa kapenta? Nanga ukachedwa amakukalipira ndani?"

"Palibe."

"Ndiye si ntchito imeneyo, mayi. Ndi matenda."

Anzawo osewera nawo nsolo ankawafunsa dala za mtsikanayo: "Bashi Chomba, inu atate ake, kodi mlendo wanu uja wadzuka?" Nyumba yathunthu yopanda munthu wotuluka m'mawa! Manyazi amenewo sakanafa nawo.

Tsono analemba okha kalata yomupemphera ntchito m'boma, makope atatu, Chomba n'kusaina kuti apeze mpumulo. Anavala tayi, ulendo ku ofesi yawo yakale.

Pa tebulo lawo lija anapezapo mayi wina akukukuta mtedza. Sanatukule n'komwe mutu.

"Siyani pamenepo, madala. Mubwere mawa."

Mawa lake anati, "Fayilo siikuoneka." Mkuja, "Osaina apita kumaliro."

Misozi inalengeza m'maso mwa Ba Kapembwa. Mawu onsewo anali awo, m'ndondomeko yake yomwe, mmene ankaphunzitsira makalaliki atsopano kalelo. "Mayi uyu afika patali," anauza mlonda potuluka.

Kuyambira pamenepo ankalawirira tsiku ndi tsiku, nsapato zili waliwali, chikwama m'khwapa, kukafunsa za fayilo. Podutsa pa nsolo ankangokweza dzanja ngati munthu wotanganidwa, ndipo zonyoza zija zinatha.

Itakwana miyezi isanu, Chomba anawaimitsa pakhomo.

"Ba tata, ingoisiyani nkhaniyi. Ntchitoyo sindikuifuna."

"Ndani wakufunsa, lova iwe? Patuka, ukundichedwetsa."

"Nanga akaipeza fayiloyo?"

Madalawo anaima, nkhope itagwa. Kenaka anakumbukira ofesi yawo, mtima n'kukhala pansi.

"Saipeza," anatero monyadira, natuluka.