Maluwa a Alamu Anandidyera Bandulo

Ndisanayambe ndikutchulireni mboni zanga, chifukwa ndamva kuti ena mwa inu mukunena kuti nkhani zanga ndimathira mchere wambiri. Ine chibadwire sindinanamepo. Mboni yoyamba ndi mayi Domingasi, a ku Tete aja, ogulitsa tomato kumunsi kwa mzere wathu kuno ku Mabvuku. Yachiwiri ndi alamu anga a Jailosi, amene anakalamba akumanga zitseko za magalimoto ku Willowvale. Yachitatu ndi akazi anga, amayi a Tiya, koma awa mukawafunse mosamala, ndi mboni ya mbali inayo.

Nkhani yake ndi madzi. Kwathu kuno mpopi ndi chokongoletsera pakhomo. Akangaude amabadwiramo, kukwatiriramo, n'kuferamo ndi ukalamba. Koma mwa apo ndi apo, osauza munthu, madzi amabwera, n'kukhala kanthawi kosakwana kuphika nyemba, n'kupita. Amayamba kufika kumunsi kwa mayi Domingasi. Iwo akangomva mpopi watsokomola amatumiza mawu pa gulu la pafoni la mzere wathu, ndiye aliyense amathamangira zigubu.

Aliyense kupatula ife. Foni yanga inali kambudzi, kaja ka mabatani, kodziwa kulira ndi kuwunikira makiyi basi. Katatu konse madzi anabwera n'kupita, ife tinkadziwira matope a pakhomo pa aneba.

Lolemba amayi a Tiya anandiyimika pakhomo.

“Bambo a Tiya, Lamulungu kukubwera akuchimuna a ku Murehwa kudzaona kumene mwana wathu amachokera. Anthu khumi ndi awiri. Adzadya, adzamwa tiyi, ndipo mukudziwa kumene munthu amapita akamwa tiyi. Akadzapeza chimbudzi chouma, Tiya adzamuseka ku banja limenelo mpaka imvi. Mukagule foni yolowa pagulu.”

“Nanga ku mjigo kuja kwatha madzi?”

“Mzere wa ku mjigo mumaudziwa inu?”

Ndimaudziwa. Mayi wina anapitako mwana ali kumsana, pobwera mwanayo ndi amene ankakankha wilibala. Ndinaona ndi maso angawa.

Lachiwiri ndinakwera kombi ya ku tauni pamodzi ndi alamu, amene anadzisankha okha kukhala katswiri. Akuti munthu amene anagwirapo chitseko cha galimoto sangapusitsidwe ndi kanthu kokwana m'thumba. Ndalama zinali zochepa, zomangidwa pa kampango ka amayi a Tiya, mfundo zitatu.

Wogulitsa, bambo wa mimba yake, anangotiona n'kutulutsa foni yonyezimira ya makamera anayi kumbuyo.

“Mudhara, iyi ndiyo yacho, foni yeniyeni. Maso anayi. Mukajambula munthu, imatulutsa ndi azigogo ake omwe.”

Alamu anayigogoda ndi chala, n'kuyiyika kukhutu ngati akusankha chivwende.

“Ndi yakupsa iyi, alamu. Tengani.”

Ndinafunsa za batire.

“Masiku atatu, mudhara.”

Sananame. Masiku atatu ngati simunayiyatse.

Tisanafike kunyumba diso limodzi linagwa ngati batani la malaya. Ndinaliyang'ana bwino, kumbuyo kwake kunali guluu basi. Awiri enawo analinso abodza, loona linali limodzi, nalonso linkaona ngati nkhalamba yoyiwala magalasi. Ndinajambula amayi a Tiya, panatuluka munthu wofanana ndi malemu amalume. Foniyo inkatentha moti ndinasitira kolala ya malaya anga a kutchalitchi. Kolalayo ilipo, aliyense wokayika abwere adzaone.

Abale anga, kodi tikamagula foni timagulira ndani? Timagulira ife kapena munthu amene takhala naye mpando umodzi m'kombi? Magetsi kuno amabwera ngati mlamu wokwiya, kungolonjera n'kumapita, koma ife m'sitolo timawerenga makamera. Tijambula chiyani ndi maso anayi, mpopi wouma mbali zonse zinayi? Akuluakulu ananena kale, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Lachitatu ndinapita kwa mayi Domingasi ngati wogula tomato. Anaseka mpaka anagwira tebulo. Kenaka anatulutsa yawo mu epuloni: yakuda, yolemera ngati njerwa, yomangidwa ndi mphira, galasi long'aluka ngati mapu.

“Bambo, foni ya munthu wosauka amafunsa zitatu. Batire ikhala maola angati magetsi atapita? Ikagwa pa simenti idzuka? Ikafa, wokonza wa pamsika pano ali nazo zipangizo zake? Kamera n'ya ana a sukulu.”

Ndinabwerera ku tauni ndekha. Wogulitsa uja anakana kundidziwa, mpaka nditayika diso lija pa tebulo lake pamaso pa makasitomala ena. Anandisinthira mwamsanga ndi mchemwali wake wa foni ya mayi Domingasi, ya diso limodzi, yoyipa nkhope. Ndikayiyika m'thumba ndimayenda chopendekera.

Kunatsala bandulo. Ndinagula ya tsiku limodzi yotsegula chilichonse, chifukwa dzina lake linkamveka lalikulu. Lachinayi m'mawa mayi Domingasi anandilowetsa pagulu ndili pa geti pathu. Kuchokera pa geti kufika pa khonde ndi mapazi asanu ndi awiri. Pa phazi lachisanu uthenga unabwera wakuti bandulo yanu yatha.

Maiwe! Yathera kuti?

Ndinatsegula gulu la madzi lija. Madzi munalibe. Munali maluwa. Duwa lofiira lolemba kuti m'mawa wabwino. Duwa lachikasu lothwanima. Duwa lotseguka pang'onopang'ono, nyimbo ikulira. Ulaliki wa ola lathunthu. Kanema wa mbuzi itakwera denga la kombi. Zonsezi zinalowa zokha m'foni mwanga, osagogoda, n'kudya bandulo yanga ndi mbale yomwe. Ndinayang'ana dzina la wotumiza.

Jailosi. Jailosi. Jailosi. Jailosi.

Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mapeyala kwawo, magalasi pamphuno, chala chili pa duwa lina.

“Alamu, mukutani?”

“Ndikupatsa anthu moni. Moni ndi mlandu?”

“Moni wanu wandidyera bandulo yonse.”

“Ndiye simunayankhe bwanji? Ndakutumizirani asanu ndi limodzi.”

Musawaseke alamu okha. Ndani mwa inu sanatumizepo duwa? Tili ndi gulu la maliro, la tchalitchi, la sukulu, la madzi, ndipo lililonse linayambidwa ndi cholinga chimodzi. Pakangotha sabata onse asanduka munda wa maluwa. Wotumiza amati ndi chikondi. Sadziwa kuti kumbali inayo kuli gogo wa penshoni amene wasiya buledi kuti agule bandulo, ndipo uthenga umodzi umene akuudikira ukadzafika, foni idzakhala itatseka pakamwa. Kale moni unali waulere. Masiku ano wolandira ndi amene amalipira.

Mayi Domingasi anandikonzeranso. Anandigulitsa bandulo ya sabata ya macheza okha, yotchipa, yosadziwa njira ya kwina kulikonse. Kenaka analowa m'kati mwa foni n'kutseka pamene zithunzi ndi makanema zimalowera zokha.

“Tsopano duwa lizigogoda kaye. Mukafuna mulitsegulire, mukapanda kufuna liume panja.”

Lachisanu madzi sanabwere. Amayi a Tiya anayamba kuyang'ana ine, n'kuyang'ana wilibala, n'kuyang'ananso ine. Magetsi anapita m'mawa, koma njerwa yanga inali moyo. Ndinagona nayo pachifuwa, ndinadzuka ndi chidindo.

Loweruka m'mawa, alendo atatsala tsiku limodzi, foni inanjenjemera. Ndinalumpha. Duwa la alamu. Inanjenjemeranso. Duwa. Kachitatu ndinafuna kuyiponya pa denga, koma ndinaona dzina lina. Mawu a mayi Domingasi, akupuma mwawefuwefu:

“Watsokomola! Mpopi watsokomola! Thamangani!”

Anthu inu, ine wa mawondo olira ndinalumpha mpanda wa masamba osaukhudza. Mpopi wathu unatsokomola kawiri, unalavula banja la akangaude ndi katundu wawo, kenaka madzi. Tinadzaza mgolo, zigubu, mabafa, mapoto, ketulo, botolo la mafuta. Tiya ankathamanga ndi ndowa akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Amayi ake anakoka chingwe cha kuchimbudzi kawiri popanda chifukwa, kungofuna kumva phokoso lake. Pa kachiwiriko anayimba nyimbo ya kwaya.

Madzi atapita, pa geti panafika munthu ndi zigubu ziwiri zopanda kanthu. Alamu.

“Akuti kunabwera madzi?”

“Simunamve pagulu?”

“Bandulo inandithera m'mawa. Sindikudziwa kuti ikumapita kuti masiku ano.”

Ndinatulutsa foni yanga, ndinatsegula duwa lofiira limene ananditumizira m'mawa umenewo, loyamba kulitsegulira ndekha, n'kuwaonetsa pafupi ndi mphuno.

“M'mawa wabwino, alamu.”

Amayi a Tiya akuti zimenezi sizinachitike, akuti iwo anangowadzazira achimwene awo zigubu zonse ziwiri ine ndili chete pakona. Ndinakuchenjezani kale za mboni imeneyo.