Mkuzi ndi Zitini Zisanu

Mpaka lero ndikamva fungo la nshawa, kapena kuti mtedza, zikupserera m'chiwaya, dzanja langa limapita lokha m'chiuno. Anthu amaganiza kuti ndikufufuza foni, koma ndimakhala ndikufuna mkuzi umene Amai anandimanga nyengo yozizira ya chaka chimene ndinali ku nazale ku Bwacha, ndili ndi zaka zisanu. Nazale imeneyo ndimaitchula mwaulemu, chifukwa ndi sukulu yokhayo imene ndinamaliza bwinobwino, chipewa cha pepala chili kumutu. Ine ndi koleji tinasiyana pakati pa njira, popanda kutukwanana.

Chaka chimenecho Amai anali oyembekezera, ndipo anaganiza zokachirira kwawo ku Katete. Vuto linali ine. Anti Seliya, akulu awo a Amai, anati ndikakhale kwa iwo ku Mpima, chifukwa mwana womusiyira mwamuna miyezi itatu umadzamupeza atasanduka ndodo. Ku Mpima ndinali nditagonako kale. Pemphero la Korona linkayamba tisanadye, phala linkazizira tikuliona ndi diso limodzi, ndipo sitima siinkamveka. Atate anali munthu wa ku njanji monganso atate awo, ankakonza mabuleki a mabogi, ndipo anayankha mofatsa kuti munthu woimitsa sitima sangalephere kudyetsa mwana mmodzi.

Amai sanatsutse. Anatenga kachingwe kakuda, nandimanga m'chiuno, nalowetsa chala chimodzi pakati pa chingwe ndi mimba yanga. "Atate ake Poli, mwaona? Chala chimodzi. Zikakalowa zitatu, mwana apita ku Mpima." Poli ndine, Polikapo pa ubatizo. Anti Seliya anapatsidwa udindo wobwera kudzandiyeza Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse, ndipo kumayambiriro kwa Meyi Amai anakwera basi.

Atate ankayamba ntchito m'mamawa, ndipo ankandisiya ku nazale panjinga akupita. Nthawi yophika m'mawa kunalibe. Choncho chakudya changa cha sabata yonse chinkakonzedwa Lamulungu masana. Tikachoka ku Misa ankavula jekete, n'kuvala ovolosi, n'kuyatsa mbaula ziwiri pakhonde. Utsi wa malasha unkasakanikirana ndi fungo la mafuta ophikira ndi la sopo wa zovala zoyanikidwa kwa aneba. Patebulo ankandandalikapo zitini zisanu za majarini, zolembedwa manambala ndi penti, ngati mabogi odikira injini.

Lamulo lawo linali lakuti katundu wosachedwa kuwola amakwera sitima yoyamba. Lolemba munkalowa dzira lowiritsa ndi kachidutswa ka chikanda. Lachiwiri vitumbuwa, visanalimbe mtima. Lachitatu mbatata yootcha ndi chiponde, chimene ankasinja okha mumtondo wa Amai kuseri kwa nyumba kuti azimai a pamzere wathu asawaone, ndipo onse ankawaona. Lachinayi chigumu cha nthochi, chophikidwa mumphika wa makala pachivundikiro. Lachisanu, pamene zofewa zonse zinali zitapita, munkakhala tute na mbalala, chinangwa chootcha ndi nshawa, chakudya chimene chikhoza kudikira munthu mpaka atapuma pantchito. Lalanje ankalicheka mizere pakhungu kuti zala zanga zithe kusenda. Thobwa analiyesa sabata imodzi yokha, chifukwa pofika Lachinayi botolo linadzitsegula lokha m'chikwama, m'kati mwa pemphero la m'mawa.

Ine ndinali insipekita. Ndinkalawa chitumbuwa choyamba, n'kugwedeza mutu, ndipo Atate ankatseka zitini n'kuziika m'kafiriji kathu kamene kankalira ngati kali pamtunda. Akugwira ntchitoyo ankandiuza za kuwekishopu, kuti masana amuna onse amakhala pansi mozungulira, aliyense n'kuika chitini chake pakati. Wa njanji sadya yekha, ankatero, akunyambita chiponde pachala. Ndinawamva, ndipo ndinasunga.

Ku nazale belu la chakudya linkalira teni koloko. Ticha Mwape ankatiyalira mphasa padzuwa chifukwa m'kalasi munkazizira, ndipo tinkakhala pamenepo titavala majuzi oyabwa, nkhope zikunyezimira mafuta, mphepo ikutiponyera fumbi m'maso. Mwana aliyense ankakumbatira kabokosi kake ngati wina amulanda. Ine ndinkayenda mpaka pakati pa mphasa, n'kutsegula chitini, n'kubwerera pamalo panga. Tsiku loyamba onse anangondiyang'ana. Kenako Chanda, mwana wa msilikali wa ndende wa ku Mukobeko, amene anabadwa akudziwa za mizere, anaimika kalasi yonse mmodzi kumbuyo kwa mnzake. Dzira limodzi linagawidwa mwa njira imene masamu a ku koleji sanandifotokozere. Ine ndinapeza chikhungwa ndi fungo.

Sindinadandaule ngakhale pang'ono. Ndinali munthu wamkulu. Anzanga ankandisungira malo pa katungwe, ankanditchula kuti ba Sitima, ndipo Lachiwiri ankandilandira pageti. Ndinkadikira kuti nawonso aike mabokosi awo pakati, koma ataona kuti sindikukakamiza, anasiya nkhaniyo m'manja mwa Mulungu. Ine ndinangowamvera chisoni kuti si a njanji.

Chitini chinkabwerera kunyumba choyera ngati chatsukidwa, ndipo Atate ankachionetsa kwa aneba. Lamulungu loyamba la Juni Anti Seliya anatsika minibasi ndi ambulera yawo, ngakhale mvula inali itatha kalekale. Anandikweza juzi, ndipo zala ziwiri zinalowa mopanda kupempha njira. Anangoyang'ana zovala zanga pachingwe ngati akusankha zoti adzanyamule. Atate anasiya zitini za majarini, natenga zazikulu za mkaka waufa. Nazonso zinkabwerera zopanda kanthu. Atandifunsa ngati chakudya chikutha, ndinayankha kuti chikutha, ndipo sindinaname. Madzulo ndinkadya bwino, koma tsiku lonse ndinkathamanga ngati sitima, mzere wa anthu okhuta uli kumbuyo kwanga, ndipo mkuzi unayamba kutsetserekera m'munsi.

Kutatsala sabata imodzi kuti Anti abwerenso, Atate anapempha ola limodzi kuntchito, napalasa njinga, naima kuseri kwa mpanda wa nazale. Anaona chitini pakati pa mphasa, anaona Chanda akuwongola mzere, anaonanso mwana wawo atakhala pambali manja ali pamaondo ngati bishopu. Ndinawaona, ndipo ndinawakwezera dzanja monyada. Ticha Mwape anapita kumpanda, ndipo atamva nkhani anagwira pakamwa, nawaitana Atate m'chilankhulo cha kwawo. "Bashi Poli, ine nenze kuganiza ati ni thandizo ya ku tchalitchi."

Atate sakanandikalipira, chifukwa lamulo linali lawo. Madzulo, tikudya, anandiuza ndi nkhope ya pamsonkhano kuti pali ndime ina imene anaiwala kundiwerengera. "Woyendetsa sitima ndiye amayamba kudya. Akapanda kudya, onse okwera agona m'thengo." Kuyambira pamenepo ndinkanyamula zitini ziwiri. Chaching'ono ndinkadya ndekha pafupi ndi mpando wa Ticha Mwape, iwo akuona mpaka pansi pake. Chachikulu, cha tivitumbuwa ting'onoting'ono ndi chimanga chokazinga, chinkapita pakati pa mphasa monga kale. Ntchito ya Lamulungu inawirikiza, ndipo mtondo unatuluka kuseri kwa nyumba n'kubwera pakhonde, manyazi atatha.

Koma mimba siibwerera pa sabata imodzi. Loweruka masana, akundisambitsa m'bafa padzuwa, Atate analowetsa zala zawo mumkuzi. Zinalowa zitatu, ndipo zawo zinali zala zazikulu. Anayang'ana kugeti, nayang'ana kwa aneba, kenako anamasula mfundo ya Amai ndi mano, nakoka chingwe, namanganso. Ndinawafunsa chimene akuchita, ndipo anati akukonza mabuleki. Mawa lake masana Anti Seliya analowetsa chala chimodzi movutikira. Anayang'ana nthiti zanga, nayang'ana Atate, nayang'ana zitini khumi zimene zinali patebulo ndi mbaula ziwiri zikufuka. Anakhala pansi, nadya vitumbuwa vitatu pang'onopang'ono, natenga ambulera yawo n'kubwerera ku Mpima okha.

Mwezi wa Julayi ndinanenepa zenizeni. Masaya anatuluka, kabudula anayamba kukana, ndipo mkuzi wofupikitsidwa uja unalowa m'mnofu. Amai atafika kumapeto kwa mwezi, mlongo wanga Tereza ali kumsana, sanayambe n'kumasula katundu. Anagwada pakhonde, nandikweza juzi, ndipo chala sichinapeze polowera. Atate anaima pambali chifuwa chili patsogolo. Amai anazunguza chingwe mpaka mfundo inabwera kumchombo, naiyang'ana nthawi yaitali.

"Atate ake Poli, mfundo iyi si yanga. Iyi ni yomangira katundu pa bogi."

Atate anapempha kuti anyamule mwana. Amai anadula mkuzi ndi lezala, natsegula firiji, natulutsa chitini cha Lachinayi. Anadya chigumu chonse ataimirira, nanena kuti mchere wachepa pang'ono, koma popeza zikuoneka kuti m'nyumba muno muli wodziwa ntchito, Lamulungu masana iwo azipuma. Atate anasinja chiponde mpaka ndinavala chipewa cha pepala chija.

Nthawi imeneyo ndinkadziwa chinthu chimodzi: ine ndi Atate tinapusitsa Anti Seliya, ndipo ndinasunga chinsinsicho ngati munthu wa njanji. Lero ndimaganiza za Anti Seliya, mayi amene analera ana asanu ndi mmodzi, amene ankadziwa nthiti za mwana ngakhale atatsinzina, atakhala pakhonde pathu akutafuna pang'onopang'ono, maso ali pa zitini khumi. Chingwe anachiyeza ndi chala chimodzi, koma Atate, Anti anawayeza ndi vitumbuwa vitatu. Tsopano Lamulungu masana ndimayatsa mbaula ndine, chifukwa mwana wanga wamkazi wayamba nazale. Kabokosi kake kamabwerera koyera tsiku lililonse. Sindinapite kukaima kuseri kwa mpanda. Ndimangomulongedzera tiwiri.