Kachipinda Kamene Kanagonetsa Akazi a Alandilodi

Inu amene mwafika poti basi zakanika, khalani pansi ndikuuzeni za mayi wina amene masiku ano anthu amamutcha Achotsani.

Mwana wake wamkazi anabadwa ndi vuto losapirira phokoso. Mbale ikagwa, njinga yamoto ikadutsa, ankatseka makutu ndi manja n'kukuwa mpaka mawu kusasa, uku akumenyetsa mutu kukhoma. Bambo ake a mwanayo anati akukagula mayunitsi, mpaka lero sanabwerere.

Nyumba zimene mayiyu anathamangitsidwamo n'zosawerengeka. Tsiku lina alandilodi atsopano nawonso anaima pakhomo. "Mayi, anzanu atopa nako kukuwaku. Mwezi ukatha mundipatse makiyi."

Achimwene ake anawonjezera ululu. "Achemwali, mwanayu kamusiyeni kwina. Mudzagona naye panja."

Analira mayiyu. Koma mwana sanamupereke.

Ganyu yake inali yosesa pashopu yokonza masofa. Anayamba kutola zidutswa za siponji ndi nsalu zotsala, amisiri n'kumamuseka kuti kodi ndiwo zavuta chomwechi? Iye ankangotolabe. Kunyumba anakhuthula kachipinda kosungira katundu, anamata siponji kumakoma kuti mwana asavulale, n'kukongoletsa ndi nsalu zamaluwamaluwa ndi zidole. Mwana atalowamo anakuwa kuposa kale, n'kung'amba zonse.

Apa ambirife tikanagwa ulesi. Iye anakhala pansi n'kumayang'ana chimene chikumudzidzimutsa mwanayo. Wotchi yapakhoma yogunda, anachotsa. Babu wothobwa m'maso, anachotsa. Nsalu zamaluwa ndi zidole zomwe, kunja. Munatsala siponji yokutidwa ndi nsalu yotuwa, katani yochindikala, mkeka ndi pilo.

Mwana analowa, anaima, kenako anatsitsa manja kumakutu. Mayi ake anagwira pakamwa.

Mwezi utatha, amene anabwera kudzatenga makiyi ndi akazi a alandilodi, mayi aukali odwala bipi, oti tulo tinawathawa kalekale. Anati ayendere kaye nyumba. Atatsegula kachipinda kaja anafuula, "Mayo ine! Makoma anga mwawatani?"

Mkwiyo unawachititsa chizungulire, ndiye anakhala pamkeka. Mayi wathu anathamangira madzi, mtima uli m'mwamba. Pobwera anapeza munthu akuliza mkonono, masanasana, mwana atakhala phee pambali pawo.

Alandilodi, amene anatsala m'galimoto, atatopa ndi kuliza hutala panja, analowa n'kuona akazi awo pamkeka. "Wakomoka?"

"Ayi bambo, agona."

"Ameneyu? Mapilitsi anamulephera ameneyu!" Bambowo anavula nsapato n'kutuluka monyang'ama ngati wakuba m'nyumba yawo yomwe.

Mayi aja anadzuka dzuwa litapendeka, n'kupukuta dovu. "Makiyiwo sungani. Koma mawa mubwere kwathu, mudzandikonzere kotereka."

Umo ndi momwe zinayambira. Inali nthawi yoti anthu opeza bwino ayamba kufuna chipinda chapadera m'nyumba, chopumuliramo, chowongoleramo thupi, chothawiramo mafoni. Akazi a alandilodi, pakamwa posatseka paja, anauza anzawo onse.

Sikuti zinangoyenda myaa. Bwana wina anamupirikitsa mayi wathu atamva zotulutsa TV. Ena ankamuyang'ana kumapazi n'kufunsa kuti anaphunzira kuti zokongoletsa nyumba. Iye ankangolowa, kumvetsera, n'kuyamba: "Chotsani ichi. Icho chotsaninso." Dzina lija linachokera pamenepo.

Ine mpaka pano zimandizunguza mutu. Anthu akuluakulu kulipira munthu kuti awatulutsire katundu wawo yemwe! Amisiri ankamuseka aja ndi amene amamudulira siponji tsopano, ndipo amamutcha kuti abwana. Achimwene aja nkhani ija saikumbukanso, akuti.

Koma chimene chimandigwetsa misozi n'china. Chipinda chilichonse chikatha, Achotsani sapereka msanga kwa eni ake. Amabwera kaye ndi mwana wawo, amene pano ndi mtsikana wamkulu. Eni nyumba amaima pakhomo, mtsikanayo n'kulowa atatseka makutu. Akatuluka osatsitsa manja, ntchito imayambiranso. Akatsitsa, ndiye kuti chipinda chatheka.

Mwana amene ankathamangitsidwa nyumba ndi nyumba, lero eni nyumba amachita kumudikira pageti.

Ndiye inu, chimene anthu akukuuzani kuti mukachisiye kwina, chigwireni zolimba. Lirani ngati n'kulira, koma kukacha mudzuke mukayesenso. Osataya mtima, abale anga.