Piyano ya Pawindo Ina, ya M'katoni Ina

Andigulitsa chidole m'katoni ya piyano, ndipo lero mlongo wanga akundiyesa wakuba. Inu a sitolo ya zoimbira ija ili kufupi ndi depoti ku Balaka, werengani bwino, chifukwa ndikunena inuyo.

Ine ndine telala pa Nkaya. Za piyano sindidziwa, ndisaname. Woimba ndi Tadala, mwana wa mlongo wanga, amene ndikumulera chifukwa mayi ake akugwira ntchito ya m'nyumba ku Joni. Loweruka lililonse amapita ku Balaka kukaphunzira kwa a Chikopa, mphunzitsi wopuma amene amaimba piyano yeniyeni ya matabwa kutchalitchi kwawo. Vuto linali loti mkati mwa sabata mwanayu analibe poyeserera. Mayi ake atamva anadzimana miyezi ingapo, n'kutumiza ndalama yogulira piyano yamagetsi. Anatumiza kwa ine, chifukwa chitumizire ndalama za fizi sindinasowetsepo ngakhale tambala.

A Chikopa anatilangiza tisanapite. Anati tisatengeke ndi timagetsi tophethiraphethira kapena ng'oma zolira zokha. Anati Tadala akakanikize makiyi. Azikana pang'ono ngati a piyano yeniyeni, ndipo akumanzere akhale olemererapo kuposa akumanja. Akagunda pang'ono ilire pansipansi, akagunda mwamphamvu ikweze. Apo ayi, zala za mwana zizolowera ulesi.

Tinalowa m'sitolomo Loweruka masana. Wogulitsa anatilandira ndi mano onse pamtunda. "Lowani madala, mwafika pamalo pake." Pawindo panali piyano yaitali yakuda. Tadala anakhala pansi, anakanikiza kumanzere, anakanikiza kumanja, kenako anaimba nyimbo ya kwaya mpaka anthu odutsa anaima pakhomo. Anandiyang'ana n'kunena chapansipansi kuti, "Ankolo, ndi imeneyi. Ikukana ngati ya a Chikopa."

Ndinati tikutenga yomweyi. Wogulitsa uja anaseka. Akuti ya pawindo sagulitsa, ndi yoonetsera chabe, ndipo munthu wamkulu ngati ine sangandipatse chinthu chogwiridwagwiridwa ndi aliyense. Analowa kuseri, n'kutuluka ndi katoni yomata. Akuti ya m'katoniyo ndi ya pawindo ija ndi mapasa, fakitale imodzi.

Ndinati titsegule tione. Nkhope inasintha pomwepo. Akuti katoni ikatsegulidwira m'sitolo galanti yatha. Kenako anandiponyera mawu amene anadziwa kuti andigwira: "Madala, chatsopano amatsegulira pamsewu? Mwini ndalama aone kaye." Anadziwa bwanji kuti mwini ndalama si ine? Ndinali nditamuuza ndekha, pakamwa panga pomwepa, pofuna kuti anditsitsireko mtengo.

Ndipo ananena zoona za kwathu. Katundu wogulidwa ndi ndalama ya ku Joni satsegulidwa mwini wake asanaone. Kaya ndi wailesi, kaya ndi sola, timadikira aimbe pa vidiyo, aone selotepi ili yosadula, kuti mawa pasakhale zonena. Mlongo wanga naye anali atanena zomwezo. Ndinalipira, ndinalandira lisiti.

Chinthu choyamba chondikayikitsa chinachitika pakhomo pomwepo. Wa kabaza amene anatinyamulira kupita kudepoti anaikweza katoniyo ndi dzanja limodzi. Anafunsa kuti, "Muli chinthu m'menemu, abwana?" Tinaseka tonse. Lero ndikamakumbukira kuseka kumeneko ndimadziluma lilime.

Mlongo wanga amapuma Lamlungu limodzi pa masabata awiri, ndipo lotsatiralo linali la ntchito. Choncho katoni inakhala pabalaza, yofunditsidwa chitenje, mwana akungoizungulira ngati mphaka. Tsiku litakwana anansi anadzaza m'nyumba. Ndinaimika foni pa makina osokera, mlongo wanga akuonekera atavala duku latsopano. Ndinadula selotepi iye akuona. Apa m'pamene ndinazindikira kuti pansi pa selotepiyo panali ina yakale, yoduladula kale.

Tadala anakanikiza kiyi imodzi. Inangoti fwa, ngati wakanikiza siponji. Anayesa kumanzere, anayesa kumanja, chimodzimodzi. Anagunda pang'ono, inakuwa. Anagunda mwamphamvu, inakuwa mofanana. Mtundu wake wakuda womwewo, kutalika komweko, koma chikomekome cha mkuyu. Dzina la pamwamba linali pepala lomata, ngodya imodzi itayamba kale kumatuka.

Mwana sanalire. Anangochotsa manja n'kuwaika pamiyendo. Anansi anayamba kutuluka mmodzimmodzi, aliyense wakumbukira mbuzi zake. Mlongo wanga anasendeza nkhope pafupi ndi foni yake. Kenako anati, "Achimwene, ndalama yonse ija ndi imeneyi?" Sanakalipe. Bola akanakalipa. Ndinamuonetsa lisiti, iye anangoti malisiti amalembedwa ndi anthu.

Lolemba ndinatseka shopu yanga, ndinasiya mayunifolomu a anthu osasoka, ndinafika ku Balaka asanamalize kusesa pakhonde. Wogulitsa yemwe uja anandiyang'ana ngati sanandionepo. Umadala uja unali utatha, tsopano ndinali "bambo inu". Ndinamufotokozera zonse. Anasuzumira m'katoni n'kunena kuti katundu wotsegula salandira.

Tamvani bwino pamenepa. Yosatsegula, saloleza kuyesa. Yotsegula, saloleza kubweza. Ndiye munthu aidziwire kuti? Kwa sing'anga?

Ndinati tiike yanga pambali pa ya pawindo, akanikize yekha. Anakana, akuti kusiyanako n'kwa zala za mwana, azolowera. Ndinati ainyamule ya pawindoyo ndi dzanja limodzi tione. Akuti bwana analetsa kuisuntha. Bwanayo ali kuti? Ali ku Blantyre. Abwera liti? Sanena. Nambala yawo? Sapereka. Kenako anatsamira pa kauntala n'kunena anthu akumva kuti sabata yathunthu ndi nthawi yaitali, iye angadziwe bwanji kuti sindinasinthe ndine kunyumba. Ine! Pa Nkaya pali fakitale ya mapiyano imene sindikuidziwa?

Potuluka ndinakhala pa benchi ya mayi wina wogulitsa nthochi pafupi pomwepo, kuti mtima utsike. Anayang'ana katoni yanga n'kupukusa mutu. Anati ya pawindo ija anaipeza pomwepo pamene ankayamba geni yake, ndipo sinatulukepo. Anati ine si woyamba kubwerera ndi katoni paphewa, ndipo ambiri amakhala otumidwa ndi abale a ku Joni. Umboni woti m'makatoni onse muli zidole ndilibe. Koma tandiuzani, piyano yabwino chotero ikulephera bwanji kupeza wogula? Kapena ntchito yake si kugulidwa, ndi nyambo?

Anzanga a ku Ngokwe, a ku Chiuta, nonse amene mumatumidwa ndi abale akunja: mwambo wodikira mwini ndalama ndi wabwino, koma ena auphunzira ndipo akudyerapo. Muimbireni pa vidiyo muli m'sitolo momwemo. Katoni itsegulidwe pa kauntala, woimba akanikize makiyi a chinthu chimene mukupita nachocho, osati mnzake wa pawindo. Akakana, tulukani ndalama ili m'thumba.

Chidole chija chili pansi pa bedi. A Chikopa anati bola mwana asachigwire n'komwe. Madzulo Tadala amayeserera zala m'mphepete mwa tebulo langa lodulira nsalu, akuti thabwa lokha ndiye limakana. Ndipo sabata yatha fizi ya teremu ino inabwera. Sinabwere kwa ine. Mlongo wanga anaitumiza kwa mayi wa nyumba yoyandikana nafe, ndipo mayiyo anadzandionetsa lisiti ya kusukulu akuyang'ana pansi.

Ndiye inu a sitolo, Loweruka ndikubweranso, katoni yanu ndi foni yanga. Pepani wanu sindikumufuna. Ndikufuna piyano imene mwana anayesa. Ndipo ndisanainyamule, ndidzaimba ku Joni pa vidiyo, mudzayang'ane mlongo wanga m'maso, mumuuze ndi pakamwa panu amene anadya thukuta lake.