Pampu yanga ndinaisiya ku Nkaya

Ndinanyamuka pa Nselema Lachiwiri m'mawa, zingwe zomangira katundu zili m'thumba, kukatenga pampu ya sola imene mng'ono wanga Fanuwelo anandigulira ku Dubai kumene amagwira ntchito. Anaiika m'kontena limodzi ndi katundu wa anthu ena, n'kunditumizira nambala. Ukailemba nambalayo pa foni, pamatuluka mapu ndi kadontho kofiira. Akuti makontena a masiku ano ali ndi kachipangizo konena kokha pamene afika. Mwezi wathunthu mudzi wonse unkabwera kudzasuzumira kadonthoko kakukwawa panyanja yamchere ngati nsikidzi pamphasa.

Foniyo inalembanso tsiku lofika. Ine ndi akazi anga, mayi a Gire, tinakhulupirira, n'kuwokera tomato dimba lonse mpaka m'malire, malo oti anthu awiri sangathe kuthirira ndi makheni. Sitima ya pamadzi inafikadi ku Nacala pa tsiku lake, kontena n'kukhala padoko osasuntha, kuno dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Ndiye kadontho katalowa m'dziko muno pa Nayuchi pa sitima ya pamtunda, ndinati basi. Kwathu katundu wa ku Joni timakamuchingamira pamsewu: galimoto imaima, umatchula dzina, umamanga panjinga. Ndinkayesa kuti sitima nayo ndi chimodzimodzi.

Minibasi ya ku Liwonde inandidya K6,000, n'kundikhazika pakati pa dengu la matemba ndi mwini wake, mayi wachikulire wa ku nyanja ya Chiuta. Pa Ntaja tinaima mpaka miyendo kuchita dzanzi, kondakitala akulumbira kuti kwatsala munthu mmodzi yekha. Mayiwo ataona kuti maso anga sakuchoka pa foni anafunsa, ine n'kuwafotokozera monyada.

"Nanga poti foniyo ikuiona pampu yanu, bwanji osaiuza ikhotere kwanu?" anatero.

Minibasi yonse inaseka, inenso ndinaseka nawo.

Ku Liwonde tinafika dzuwa lili paliwombo. Ndikutsika chonchi, kadontho kaja kanali katawoloka kale Shire. Bambo wina wa pa siteshoni anati sitima ya makontena yangochoka, koma ikaima pa Nkaya, pamphambano ya njanji, ndipo nthawi zina imagona pomwepo. Ndinameza chinangwa chokazinga ndi thobwa chiimirire, n'kukwera ya ku Balaka pa K4,000. Pa Balaka wa kabaza ya njinga yamoto anandiyang'ana nkhope, n'kuona kuti ndili pachangu, mtengo n'kukwera pomwepo. Ndinalipira ndikutukwanira mumtima.

Msewu wake ndi fumbi lokhalokha. Pa Rivirivi madzi anali atatsala kamzere, amayi akukumba mchenga ndi mbale kuti atunge. Mtima unandipweteka, chifukwa ndinadziwa kuti mayi a Gire nawo ali chiweramire pachitsime ndi msana wawo wovuta uja.

Pa Nkaya sitima ndinaipeza itaima phee. Ndinayenda m'mbali mwake ndikuwerenga manambala mpaka ndinalipeza, kontena labuluu, nambala yake yomweyo. Ndinaligwira ndi dzanja langali, likutentha ngati chiwaya. Mlonda atabwera ndinamupatsa moni mwaulemu, n'kumuonetsa foni ndi chitupa, n'kupempha kuti anditsitsire katundu wanga.

"Iyayi bambo, ngakhale woyendetsa sitimayi sangatsegule. Loko uyu akangokhudzidwa belu limalira ku ofesi. Kontenali lipita ku Blantyre, likadikire a msonkho, ndiye akuitanani."

Ndinafunsa kuti liti. Anati mwina masabata awiri, mwina atatu, iye sangadziwe. Ndinamuuza za tomato, ndinamuuza kuti pampuyo ndi kabokosi koti ndinyamula ndekha paphewa. Anamva chisoni, anandipatsa madzi akumwa, koma loko sanamukhudze.

Apa ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Anthu anzeru anakhala pansi n'kupanga chinthu choti mlimi wa pa Nselema aziona sitima ili pakati pa nyanja, koma palibe anaganiza zolemba mawu awiri okha, kuti kufika padoko si kufika kwa iwe. Njanji imeneyi imadutsa m'boma lathu lomwe lino. Pampu yadutsa pakhomo, ikupita ku Blantyre, kuti ine ndikailondole n'kubwera nayo njira yomweyi. Kale katundu ukachedwa sitinkadziwa kanthu, ndipo tinkadzala zimene manja athu angathe. Tsopano atipatsa maso oonera kutali, manja ali omwe aja.

Ndinagona pa Balaka kwa msuweni wanga, m'mawa n'kubwerera. Tili pa Ntaja foni inalira. Unali uthenga wa kampani ya sitima ija, wothokoza kuti katundu wanga wayenda bwino panyanja, n'kufunsa kuti pa ntchito yawoyo ndiwapatsa nyenyezi zingati. Ndinaizimitsa.

Mayi a Gire ndinawapeza kudimba, chitenje chili matope. Tomato wa kumtunda anali atagwetsa maluwa, masamba ali lende. Anayang'ana manja anga, anayang'ana kumbuyo kwanga ngati kukubwera wina atasenza. Ndinayamba kufotokoza za loko ndi Blantyre, iwo n'kundidula.

"Chitsime chikukwanira mizere yochepa basi. Sankhani yoti ikhale, ine sindingathe kusankha."

Ndinavula nsapato, n'kuyamba kuyenda m'mizere muja ndikuloza.